Makina oyamba a owotcherera zitsulo anatha bwanji?

Mukacheza ndi amisiri owotcherera zitsulo ku Mchesi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre, nkhani ya makina awo oyamba sichedwa kutuluka. Ambiri amene anayamba ntchitoyi kale sanagule makinawo m'sitolo. Ankachita kupanga okha, apo ayi kupangitsa kwa mnzawo wodziwa kukulunga waya. Akamadandaula kuti makina oterewa akusowa, chala amaloza timakina topepuka ta inverter tochokera kunja. Ambiri amatero ndithu, koma tikalondola mbiri yake, zikuoneka kuti chinawapha ndi china.

Kuwotcherera ndi magetsi kunayambira ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1880, Nikolai Benardos wa ku Russia analumikiza zitsulo ndi moto wa magetsi wotuluka pa kandodo ka kaboni, ndipo mu 1888 Nikolai Slavyanov anagwiritsa ntchito kandodo kachitsulo kamene kamasungunuka komweko. Oscar Kjellberg wa ku Sweden, yemwe anayambitsa kampani ya ESAB mu 1904, ndiye anakuta kandodoko ndi mankhwala oteteza chitsulo chosungunuka kuti mpweya usachiwononge. Marodi amene amisiri amagula lero anachokera pamenepo. Luso linakhwima pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene America inapanga sitima za pamadzi za Liberty zokwana 2,710 pakati pa 1941 ndi 1945, mochita kuwotcherera.

Kuno kwathu ntchitoyi inafalikira m'makwalala pamene matauni ankakula, anthu akufuna mageti, mafelemu a zitseko ndi zitsulo zotchingira mbava pamazenera. Makina a kufakitale anali odula, choncho anyamata anapeza njira. Ankatola timalata topyapyala ta m'mathiransifoma akufa n'kutisanjikiza bwino, kenako n'kukulungapo waya wa mkuwa pawiri: waung'ono wolandira magetsi a m'nyumba, ndi wonenepa wotulutsa moto wosungunula chitsulo. Pakati pa mizere ya waya ankaikapo nsalu kapena pepala lolimba, ndipo zonsezo ankazimanga pa matabwa. Wofuna moto wambiri ankangosuntha chingwe kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina. Makinawo ankalira ndi kunjenjemera, ndipo rodi ikangokhudza chitsulo mababu a oyandikana nawo ankaphethira. Wophunzira amene wayang'ana motowo opanda galasi lakuda ankachezera usiku maso akuwawa ngati mwalowa mchenga. Koma makina akapsa, mwini wake ankamasula waya, n'kupeza pamene papsa, n'kukulunganso.

Timakina ta inverter titafika, makina akalewa sanathe pomwepo. Amisiri ambiri anali nazo zonse ziwiri, kakang'ono konyamula popita ku nyumba za makasitomala, aakulu otsala pashedi. Chinasintha zinthu ndi magetsi. Mu 2017 madzi atachepa mu Nyanja ya Malawi ndi mu mtsinje wa Shire, pamene pali malo opangira magetsi, kuzimazima kunafika poti amisiri ankawotcherera usiku, nthawi imene magetsi abwera.

Nkhonya yaikulu inadza mu Januwale 2022, pamene namondwe anawononga malo amodzi opangira magetsi pa Shire ndi kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Kukonza kunatenga nthawi yopitirira chaka. Mmisiri wokhala ndi geti la kasitomala lodulidwa kale sakanadikira, anayenera kubwereka kapena kugula jenereta. Apa ndi pamene makina akale anagonja. Amakoka magetsi ambiri poyatsa moto, moti jenereta yaing'ono imatsamwa n'kuzima, pamene inverter, yolemera makilogalamu 5 okha kapena kuposerapo pang'ono, imakoka ochepa. Mu Meyi 2022, kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsikanso ndi 44 peresenti. Waya wa mkuwa unakwera mtengo, kukulunga makina atsopano kunasiya kupindula, ndipo ena mwa akale aja anaphwasulidwa, mkuwa wake n'kupita kwa ogula zitsulo zakutha.

Kutha kwa makina olemerawo sikodandaulitsa kwenikweni, chifukwa waya wake wosatetezedwa bwino unali woopsa. Chodandaulitsa ndi nzeru imene ikupita nawo. Wopanga makina ake ankadziwa chimene magetsi akuchita mkatimo. Lero inverter ikapsa, mnyamata amangoyang'ana kabolodi kodzaza tizipangizo timene sanaphunzitsidwepo, ndipo shedi imatsekedwa mpaka apeze ndalama zogulira ina. Tinalandira chida chatsopano osalandira luso lochikonzera. Amisiri akale akadalipo, ndipo achinyamata odziwa kukonza mafoni ndi mawailesi ali m'misika yomweyo. Akakumanitsidwa pa maphunziro a luso la manja, mmisiri wa mawa adzatha kukonza makina amene amamudyetsa.