Unamwali ku Lundazi: ng'ombe, anamkungwi ndi gowelo

Ku Lundazi, m'dziko la Zambia, sikunakhalepo lamulo limodzi pa za unamwali. Derali, lomwe mu 2018 analigawa n'kubala maboma a Chasefu ndi Lumezi, ndi la Atumbuka, Achewa a Mfumu Mwase ndi Angoni a Mfumu Magodi, ndipo mtundu uliwonse unkalera mtsikana mwa njira yake.

Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anabwera ndi malowolo. Ng'ombe zikalowa m'khola la bambo wa mtsikana, ana obadwa m'banjamo amakhala a kwa mwamuna, choncho mtsikana wosadziwa mwamuna anali ulemu wa mudzi wonse. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, analemba kuti amayi achikulire ankayang'anira atsikana mosamalitsa, mpaka kuwayeza. Atumbuka ambiri anatengera malowolo kwa Angoniwo, ndipo mtsikana akapatsidwa mimba asanalowoledwe, banja la mnyamata limalipa mlandu.

Kwa Achewa nkhani inali ina. Mkamwini ndiye ankasamukira kwa mkazi, ana n'kukhala a mbumba ya amalume, ndiye panalibe ng'ombe zoti n'kudandaula nazo. Chimene akuluakulu ankaopa ndi kulumpha mwambo: mimba yobwera mtsikana asanavinidwe inali manyazi aakulu, ndipo kugonana pa nthawi yoletsedwa ankati kumadzetsa mdulo pa ana ndi okalamba. N'chifukwa chake anthu omwewo okhwimitsa chinamwali, m'midzi ina ankalolanso fisi, mwambo umene Kalonga Gawa Undi wakhala akuudzudzula.

Bambo ndi mayi sankayankhula nkhanizi ndi mwana wawo, zinali zolaula. Ntchitoyo inali ya agogo, azakhali ndi anamkungwi. Koma mtsikana akasinkhuka ankasiya kugona m'nyumba ya makolo n'kupita kugowelo, kumene Atumbuka amati nthanganeni, anyamata nawo kumphala. Kumeneko ndiko kunkamveka za amene wafunsiridwa, amene wakana, amene wapusitsidwa ndi mkanda. Mlangizi ankabwera pa nthawi yake, anzake a mtsikana anali naye usiku uliwonse. Mnyamata yekha panalibe womuyeza, ndipo kumphala wodziletsa ndiye ankasekedwa.

Amishoni a Livingstonia atakhazikika ku Chasefu, ndi Akatolika ku Lumezi, kugonana musanakwatirane kunakhala tchimo, kwa mnyamata ndi mtsikana yemwe. Mipingo inaika alangizi akeake m'malo mwa anamkungwi, ngakhale nthawi zambiri anali amayi omwewo atavala yunifolomu ya chigwirizano.

Boma linalowererapo mochedwa. Mu 1997 Zambia inalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu, ndipo mu 2023 lamulo linaletsa ukwati uliwonse, ngakhale wachikhalidwe, wa munthu wosakwana zaka 18. Komabe kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ku Eastern Province, kumene kuli Lundazi, atsikana pafupifupi 40 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kapena anali ndi pakati, pamene m'dziko lonse anali 29. Atsikana ambiri a ku sekondale ochokera m'midzi yakutali amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, kutali ndi agogo ndi azakhali, ndipo malangizo amene amamva tsiku ndi tsiku ndi a anzawo okhala nawo limodzi ndi a pafoni.