Galu wouwa usiku wonse: mbiri ya chizindikiro cha UNUSED

Mwambo wa olemba mapulogalamu woika chizindikiro pa chinthu chimene achisiya dala ndi wakale kuposa Git. Mu 1978 Stephen Johnson wa ku Bell Labs anatulutsa lint, pulogalamu yosaka zolakwa m'chinenero cha C. Lint inkadandaula ikapeza function yolandira parameter koma osaigwiritsa ntchito, ndipo mlembi ankaikhazika chete polemba mawu oti ARGSUSED pamwamba pa function imeneyo. Nzeru yake inali yabwino: chenjezo likhalebe maso, koma munthu aulule malo amene wasiya mwadala.

Git, imene Linus Torvalds anayamba mu Epulo 2005 nkuisiya m'manja mwa Junio Hamano mu Julayi chaka chomwecho, inatha zaka zambiri chenjezo limeneli lili lozimitsa. Sunali ulesi ayi. Ma function ambiri a Git amaitanidwa ndi anzawo motsata dongosolo limodzi, monga aja owerenga zokonda za mwini kompyuta, choncho amalandira ma parameter onse ngakhale akufunapo awiri okha. Kuchotsa otsalawo sikutheka, chifukwa woitanayo amawatumizabe. Kuyatsa chenjezo kukanangodzaza madandaulo opanda pake, ndipo mlimi wa fodya wa ku Furancungo akudziwa mathero a galu wouwa usiku wonse: tsiku limene mbala yalowa m'chigafa, palibe amene amadzuka.

Mu 2022 Jeff King, mmodzi wa okonza Git, anayamba kuika mawu oti UNUSED pa parameter iliyonse yosiyidwa dala, kachigawo ndi kachigawo, mpaka mu 2024 pamene Git 2.47 inatuluka chenjezolo litayatsidwa kwa onse okonza pulogalamuyi. Alipo amene anganene kuti zaka ziwiri zinathera pa zokongoletsa, poti wogwiritsa ntchito Git saona kusintha kulikonse. Koma parameter yongokhala imakhala ya mitundu iwiri. Ina ilipo chifukwa cha dongosolo, ina ndi umboni woti mlembi anaiwala, mwina anapatsidwa kutalika kwa mawu nkuwerenga osakulabadira. Compiler singasiyanitse ziwirizi, munthu ndiye amasiyanitsa akaunika imodziimodzi. Nkhawa yomveka kwambiri ndi yoti chizindikiro chikhoza kukalamba nkuyamba kunama. Pamenepa a Git anachenjera kuposa lint: UNUSED anaimanga moti wina akadzagwiritsa ntchito parameter yolembedwa choncho, compiler ya GCC imadandaulanso, ndipo chizindikirocho chimayenera kuchotsedwa.