Mbiri ya Benzhexol Pakati pa Odwala a kwa Mkhumba

Dera la Mfumu Mkhumba linali mbali ya boma la Mulanje kufikira mu 1998 pamene Phalombe inakhala boma palokha, ndipo odwala misala a kumeneko amene matenda awakulira akhala akutumizidwa ku chipatala cha Zomba Mental, chimene chinayamba mu 1910 monga chigawo cha ndende ya Zomba chisanalowe m'nyumba zakezake mu 1953. Zaka za m'ma 1950 zimenezo ndizo zinasintha kachizidwe ka misala, pakuti mu 1952 madokotala Jean Delay ndi Pierre Deniker a ku Paris anaonetsa mphamvu ya chlorpromazine, ndipo mu 1958 kampani ya Paul Janssen ku Belgium inapanga haloperidol.

Mankhwala awiriwa, pamodzi ndi jakisoni wa fluphenazine wobayidwa mwezi ndi mwezi, amachepetsa mphamvu ya dopamine, amene amatumiza uthenga m'ubongo, koma popeza dopamine yemweyo ndiye amawongolera minofu, odwala ena amauma khosi, maso amatembenuzikira kumwamba, dovu limachucha, ndipo manja amanjenjemera mpaka kulephera kutema mbamu ya nsima. Achibale akaona zotere amatha kuganiza kuti wodwalayo walodzedwa, namusiyitsa mankhwala ndi kupita naye kwa sing'anga, zimene kawirikawiri zimayambitsanso matenda aja. Apa mpamene benzhexol, wodziwikanso ndi dzina la Artane, amene poyamba anali wa matenda a Parkinson, anakhala wofunika m'zipatala za boma, chifukwa amamasula minofu youmayo, ngakhale kuti amaumitsa kukamwa ndi kuchititsa chidima m'maso.

Vuto lomvetsa chisoni kwambiri ndi lija limatchedwa tardive dyskinesia, limene limabwera mochedwa, patatha miyezi kapena zaka wodwala ali pa mankhwala a misala aja, pamene milomo imatafuna popanda chakudya ndipo lilime limatuluka lokha, moti munthu amene maganizo ake anakhazikika kale amachita manyazi kupita kumsika wa Migowi. Benzhexol sachiza vutoli, ndipo nthawi zina amalikulitsa. Mankhwala ake enieni, valbenazine ndi deutetrabenazine, anavomerezedwa ku America mu 2017, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri, choncho chimene namwino wa odwala misala ku Phalombe ali nacho m'manja ndicho kuyang'anitsitsa pakamwa pa wodwala pa ulendo uliwonse, kuchepetsa mlingo wa mankhwala a misala pang'onopang'ono ngati nkotheka, kapena kumusinthira ku mankhwala ena monga risperidone akapezeka.