Kodi Ndondomeko ya Mowa Anailemba Ndani?



Ambiri a inu mudakali kukumbukira timasacheti ta mowa tomwe tinkamwazikana m'ngalande za pa Chitakale, makamaka sabata imene ogwira ntchito m'minda ya tiyi alandira malipiro. Mtengo wake unali wotsika kotero kuti ngakhale mwana wa pulayimale ankakwanitsa kugula. Nkhondo yolimbana ndi vutoli inayambira kutali, m'maofesi, pa funso lakuti ndani alembe ndondomeko ya dziko pa nkhani ya mowa.

Mu 2010, a Øystein Bakke ndi a Dag Endal a bungwe la FORUT la ku Norway anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Addiction. Iwo anayerekeza zolemba zoyambirira za ndondomeko ya mowa za maiko anayi: Malawi, Lesotho, Uganda ndi Botswana. Mawu ake anali pafupifupi amodzimodzi, ngati ophunzira anayi oonerana mayeso. Atafufuza m'mafayilo a pakompyuta, anapeza kuti mlembi wake anali wogwira ntchito ku SABMiller, imodzi mwa makampani akuluakulu ofulula mowa padziko panthawiyo. Zolembazo zinkatsindika za "kumwa mwanzeru", ndipo mtolo wonse zinkausenzetsa womwayo. Za msonkho, mtengo, otsatsa malonda ndi kuchepetsa malo ogulitsira, zomwe zimagwiradi ntchito, zinkangolambalalidwa. Fisi anapatsidwa ntchito yomanga khola la mbuzi.

Apa m'pamene bungwe la Drug Fight Malawi, lotsogozedwa ndi a Nelson Zakeyu, mothandizidwa ndi FORUT, linasonkhanitsa mabungwe ena, mafumu, azipembedzo ndi maunduna a boma kuti ntchitoyi iyambikenso. Inayenda pang'onopang'ono, mwa zina chifukwa amalonda a mowa sanangopinda manja. Ndondomekoyo inakhazikitsidwa mu 2017, patatha zaka 7 kuchokera pamene bungwe la WHO linavomereza njira yake yochepetsera zoipa za mowa padziko lonse.

Masacheti boma linawaletsa mu 2015. Makampani anathamangira kukhoti, ndipo chiletsocho chitagwira mphamvu, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki; kachasu wa m'midzi sanasunthe n'komwe. Kwa amene agwidwa kale ukapolo wa mowa, thandizo lodziwika bwino ndi la Abale a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kutali kwambiri ndi mnyamata wa pa Chitakale amene alibe ngakhale ndalama ya minibasi yopita ku Limbe.