Mbiri ya Malonda a Mipando ku High Wycombe

High Wycombe ndi tawuni ya m'chigawo cha Buckinghamshire ku Mangalande. Tawuniyi idatchuka chifukwa cha mipando, ndipo gwero la kutchukako lidali nkhalango za mitengo ya beech za m'mapiri a Chiltern. M'zaka za m'ma 1800 amisiri ankamanga misasa m'nkhalangomo ndi kumasema miyendo ya mipando pa makina opalasa ndi phazi. Miyendoyo ikauma, ankakaigulitsa kwa eni mafakitale m'tawuni, kumene inkalumikizidwa kukhala mipando yotchedwa Windsor. Malondawa adakula kotero kuti pamene Mfumukazi Victoria idadutsa m'tawunimo m'chaka cha 1877, anthu adaikonzera chipata cha mipando yosanjikizana.

Komabe mitengo payokha sikadatha kusunga malondawo. Padafunika atsogoleri oona patali. Mmodzi mwa iwo adali Lucian Ercolani, yemwe adabadwira ku Italy m'chaka cha 1888. Iye adakhazikitsa kampani yake m'chaka cha 1920, yomwe idadzatchuka ndi dzina loti Ercol. M'chaka cha 1944, nkhondo ili mkati, boma lidamupatsa ntchito yopanga mipando 100,000 yotsika mtengo. Kuti aikwanitse, adakonza njira yopindira matabwa ambirimbiri powafewetsa ndi nthunzi. Motero mpando womwe kale unkadalira manja a mmisiri udayamba kupangidwa mochuluka, maonekedwe ake osasintha.

Mtsogoleri wina adali Donald Gomme. Iyeyu adazindikira kuti mabanja ambiri sangathe kugula katundu wa m'nyumba yense pakamodzi. Choncho m'chaka cha 1953 adayambitsa G Plan: mipando, matebulo ndi makabati ofanana kapangidwe, zomwe munthu ankagula chimodzichimodzi malinga ndi thumba lake. Adalengezetsanso katunduyu m'magazini kuti wogula azikafunsa dzinalo yekha kusitolo.

Koma palibe chinthu chosatha. Katundu wotsika mtengo wochokera kunja atachuluka, mafakitale ambiri adatsekedwa ndipo amisiri adasowa pogwira. Fakitale ya Gomme m'tawunimo idatsekedwa m'chaka cha 1992, pomwe Ercol idasamukira ku Princes Risborough m'chaka cha 2002.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti nkhalango ndi luso la manja zimayambitsa malonda, koma chowakulitsa ndi nzeru za mtsogoleri wodziwa zosowa za ogula. Dera lodalira ntchito imodzi liyenera kukhala tcheru, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.