Mbiri ya Mawu Oti "Selo" m'Chichewa

Wophunzira wa ku Area 24 mu Lilongwe akapita ku Bunda kukaphunzira za kagwiridwe ntchito ka thupi la ng'ombe, mbuzi ndi nyama zina zoyamwitsa, amaphunzira zonse m'Chingerezi. Akafuna kufotokozera makolo ake zimene waphunzirazo, mawu oyamba kumuthandiza ndi oti "selo". Nkoyenera kuti alembi, akonzi ndi aphunzitsi adziwe kumene mawuwa adachokera.

M'chaka cha 1665 Robert Hooke wa ku England adaunika khungwa la mtengo ndi maikulosikopu ndipo adaona timabowo tondandana ngati tizipinda. Iye adatitchula ndi mawu ochokera ku Chilatini otanthauza kachipinda. Mu 1838 Matthias Schleiden adaonetsa kuti zomera zidapangidwa ndi tizipinda totere, ndipo mu 1839 Theodor Schwann adanena chimodzimodzi za nyama.

Kuno kwathu maphunziro a zathupi adakhazikika pang'onopang'ono. Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965, sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing idakhazikitsidwa mu 1979, ndipo ya madokotala, College of Medicine, idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Monsemu chiyankhulo chophunzitsira chidali Chingerezi. Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990.

Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, azaumoyo adayenera kufotokozera odwala za chitetezo cha m'thupi. Maselo oyera a m'magazi adawatchula kuti "asilikali a m'thupi", ndipo anthu adamva. Komabe fanizoli lili ndi malire. Maselo ofiira ntchito yawo ndi kunyamula mpweya wa okosijeni, pamene maselo a mumnofu amakokana kuti thupi liyende. Wolemba akatchula onsewa kuti asilikali, wodwala wochepa magazi angaganize kuti chitetezo chake chatsika.

Choncho tikulangiza kuti mawu oti "selo" asungidwe m'gulu la maina la Li-Ma, monga "selo limodzi" ndi "maselo ambiri", ndipo "asilikali" akhale a maselo oyera okha.