Ndani anadula mitu ya ziboliboli za ku Ely?

Abale anga amene muli kuno ku England, tsiku lina mukapuma ku ntchito mudzakwere sitima mupite ku Ely, kamzinda ka kumpoto kwa Cambridge. M'tchalitchi chachikulu cha kumeneko mukafunse kumene kuli Lady Chapel, nyumba yopemphereramo imene anamangira Maria, amayi a Yesu, ndipo inamalizidwa mu 1349. Ine nditalowamo ndinangoti kakasi. Makoma onse ndi ziboliboli zokhazokha, zosemedwa pa mwala woyera wofewa, koma pafupifupi chilichonse chilibe mutu. Manja alipo, mikanjo ilipo ndi makwinya ake, khosi n'kuthera m'malere.

Si mvula kapena ukalamba zimene zinachita izi. Ndi nyundo za anthu.

Nthawi imene amisiri ankasema miyalayi, England yense anali wa Katolika. Misa inkachitika m'Chilatini ndipo anthu wamba ambiri sankadziwa kuwerenga, choncho mbiri ya Maria ankaiwerenga pakhoma ndi maso. Ziboliboli sizinali zotuwa ngati lero ayi. Ankazipaka utoto wowala, ndipo mukayandikira mudzaona timadontho take totsalira m'makona. Taganizani mayi wa kumudzi akulowa m'menemo, kuwala kwa magalasi amitundumitundu kukugwera pa nkhope zonsezo.

Zinthu zinatembenuka mu 1534, pamene mfumu Henry VIII anakana ulamuliro wa Papa n'kudziika yekha kukhala mutu wa mpingo. Ofuna kukonzanso mpingo ankati kugwadira chosema n'kupembedza mafano, kuswa lamulo la Mulungu. Mu 1541 bishopu wa ku Ely, Thomas Goodrich, analamula kuti zifanizo zoterezi zichotsedwe, ndipo mu 1548, mfumu ali Edward VI yemwe anali akadali mwana, lamulo linafika ku matchalitchi a dziko lonse. Ogumulawo ankalunjika kumaso, chifukwa nkhope ndiyo imene wopemphera ankayang'anana nayo.

Zina zinapulumuka. Kumaso kwa tchalitchi chachikulu cha ku Wells kudakali ziboliboli pafupifupi 300 za m'zaka za m'ma 1200, zambiri zili pamwamba pomwe dzanja silikanafika msanga.

Mkanganowu ife timaudziwa ngakhale sitinauphunzire kusukulu. Unafikanso ku Scotland m'masiku a John Knox, mtsogoleri wa okonzanso mpingo kumeneko, ndiye chifukwa chake amene tinakulira mu CCAP, mpingo umene uli ndi mizu ku Scotland, tinazolowera makoma opanda chosema, pamene anzathu a Katolika ali ndi chifanizo cha Amayi Maria pafupi ndi guwa. Ine zifukwa za ogumulawo ndimazimva ndithu, ndinaleredwa nazo. Komabe mtima unandipweteka poganiza za mmisiri amene anatha masiku akusalaza tsaya la mngelo, wina n'kudzalithyola kamodzi kokha.

Mu 2000 mu Lady Chapel muja anaikamo chiboliboli chatsopano cha Maria chosemedwa ndi David Wynne, atavala buluu, manja ali m'mwamba. Ena amachikonda, ena ayi. Zakale zija sanazibwezere mitu, anazisiya momwemo.